Mapasa ofiira a mu Cetus, anansi a dzuwa amene maso sawaona

Kuyambira Okutobala mpaka Disembala, usiku ukakhwima, pamwamba penipeni pa mutu wa munthu amene ali ku Nsanje, ku Tete kapena ku Harare pamadutsa nyenyezi ziwiri zimene zili m'gulu la anansi apafupi kwambiri a dzuwa lathu. Munthuyo atakweza maso sangazione, ngakhale magetsi atazima dera lonse, kumwamba kulibe mwezi kapena kamtambo. Kuwala kwa ziwirizi, titakuphatikiza, n'kochepa pafupifupi ka 300 poyerekeza ndi kanyenyezi kotsiriza kamene diso la munthu lingathe kugwira mumdima wandiweyani. Akatswiri a zakuthambo amazitchula Luyten 726-8 kapena Gliese 65. Zili m'chigawo cha thambo chotchedwa Cetus, ndipo kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka 8.8 kuti kufike kuno.

Zaka 8.8 paliwiro la makilomita 300,000 pa sekondi ndi makilomita pafupifupi 83 thiliyoni. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chikuthamanga makilomita 17 pa sekondi, chingatenge zaka zoposa 150,000 chikanakhala kuti chikulowera kumeneko. Komabe m'kawerengedwe ka zakuthambo apa ndi pakhomo. Tikasiya zinthu zina zozizira zimene sizinakwanitse kuyaka ngati nyenyezi, amene ali pafupi kuposa mapasawa ndi asanu okha: banja la Alpha Centauri, nyenyezi ya Barnard, Wolf 359, Lalande 21185 ndi Sirius. Pa mabanja onse amene muli nyenyezi ziwiri zing'onozing'ono zofiira zokhazokha zozungulirana, ili ndiye lapafupi kwambiri.

Zimene timaona usiku zimatinamiza pang'ono. Nsangwe zili pamtunda wa zaka zoposa 400 za ulendo wa kuwala, Akamwiniatsatana zaka zoposa 1,000, ndipo timaziona chifukwa ndi zimphona zotentha koopsa. Nyenyezi zochuluka zedi mu Mlalang'amba sizotero. Pa nyenyezi zinayi zilizonse, pafupifupi zitatu ndi za mtundu umene pa Chingerezi amati red dwarf, tinyenyezi tochepa thupi, tozizirirapo, towala mofiirira. Ngakhale imodzi mwa izo sioneka bwino ndi maso. Proxima Centauri, imene ili pafupi kwambiri ndi dzuwa kuposa nyenyezi ina iliyonse, ndi ya mtundu womwewu, ndipo anthu anakhala osaidziwa mpaka 1915 pamene Robert Innes anaipeza pazithunzi ku Union Observatory mu Johannesburg. Choncho amene akufuna kudziwa mmene nyenyezi wamba imakhalira sayenera kuyang'ana zowala zija. Ayenera kufufuza ngati ziwiri izi.

Mmene zinapezekera

Vuto la nyenyezi yowala pang'ono ndi lakuti pachithunzi simungadziwe ngati ili yaing'ono yapafupi kapena yaikulu yakutali. Zonse zimangooneka ngati kadontho. Chimene chimaulula yapafupi ndi kusuntha. Nyenyezi zonse zili paulendo, zikuthamanga makilomita ambirimbiri pa sekondi, koma zakutali zimaoneka ngati zangoima pamalo amodzi kwa zaka masauzande. Yapafupi imasendera pang'onopang'ono pakati pa zinzake, ndipo mukajambula malo amodzi kawiri, patadutsa zaka makumi angapo, mumaipeza itachoka pamene inali.

Willem Jacob Luyten anapereka moyo wake wonse ku ntchito yosaka nyenyezi zosunthazi. Anabadwa mu 1899 ku Semarang pachilumba cha Java, m'banja la Chidatchi, anaphunzira ku Netherlands, kenako anasamukira ku America, kumene anaphunzitsa pa University of Minnesota kuyambira 1931. Asanapite ku Minnesota anagwirapo ntchito ku Boyden Station, malo oonera zakuthambo a yunivesite ya Harvard kufupi ndi Bloemfontein ku South Africa. Kumeneko kunali telesikopu ya Bruce, imene poyamba inali ku Arequipa m'dziko la Peru ndipo inali itajambula kale thambo la kumwera pa magalasi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Luyten anakonza zoti thambo lomwelo lijambulidwenso, kuti afananize zithunzi zakale ndi zatsopano. Ankaika magalasi awiri m'makina amene amaonetsa chithunzi china kenako chinzake mosinthana mofulumira. Nyenyezi zosasuntha zimangokhala phee, yosuntha imaoneka ikudumphadumpha. Ndi ntchito yotopetsa maso, ndipo n'zodabwitsa kuti munthu amene anaigwira kuposa wina aliyense ankaona ndi diso limodzi, linalo litawonongeka pangozi ya pamasewero a tenesi ali mnyamata.

Mu 1948 anapeza kadontho mu Cetus kosuntha masekondi a ngodya 3.37 pa chaka. Sekondi ya ngodya ndi gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri, choncho paliwiro limeneli kadonthoko kamatenga zaka zoposa 500 kuti kadutse mtunda wofanana ndi kukula kwa mwezi wathunthu kumwamba. Kwa ife n'kuchedwa, koma pakati pa nyenyezi ndi liwiro losowa, ndipo Luyten anadziwa kuti wapeza mnansi. Mtunda weniweni unatsimikizidwa ndi njira ina. Dziko lapansi likamazungulira dzuwa, timaona thambo kuchokera mbali ziwiri zotalikirana makilomita 300 miliyoni pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo nyenyezi yapafupi imaoneka ngati ikugwedezeka pang'ono poyerekeza ndi zakumbuyo kwake. Kukula kwa kugwedezekako kumapereka mtunda. Posakhalitsa zinaonekanso kuti kadontho kaja sikamodzi, ndi tiwiri.

Mayina ake ndi ambiri, ndipo amasokoneza. 726-8 ndi nambala ya m'kaundula wa Luyten. Gliese 65 ndi nambala ya m'kaundula wa nyenyezi zapafupi amene Wilhelm Gliese anatulutsa ku Heidelberg mu 1957. Yowalirapo ndi A, inayo ndi B, koma popeza kuwala kwa zonse ziwiri kumasinthasintha, zinapatsidwanso mayina a nyenyezi zosinthasintha: A ndi BL Ceti, B ndi UV Ceti. Dzina lotsirizali ndi limene linatchuka.

Thupi laling'ono, moto wosathamanga

Iliyonse mwa ziwirizi imalemera pafupifupi magawo 12 pa 100 a kulemera kwa dzuwa, ndipo m'mimba mwake ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a dzuwa. Ndiye kuti imaposa pulaneti ya Jupiter pang'ono chabe pakukula, kamodzi ndi theka ndi kachidutswa, pamene pakulemera imaiposa koposa ka 120. Ndi mpweya, koma wopanikizidwa kwambiri moti pa avereji ndi wolemera kuposa golide wa muyeso womwewo. Zikanachepera pang'ono, kufika pansi pa magawo 8 pa 100 a dzuwa, sizikanayaka n'komwe.

Nyenyezi imayaka chifukwa cha kulemera kwake komwe. Mphamvu yokoka imakanikiza mpweya wa pakati mpaka utatentha madigiri mamiliyoni, ndipo pamenepo haidirojeni amayamba kuphatikizana n'kukhala hiliyamu, kutulutsa mphamvu. Nyenyezi yopepuka siikanikiza kwambiri pakati pake, choncho moto wake umayenda mwaulesi. Kusiyana kwake sikuyenda molingana. Mungayembekeze kuti yolemera gawo limodzi mwa asanu ndi atatu a dzuwa itulutsa mphamvu gawo limodzi mwa asanu ndi atatu, koma iliyonse mwa mapasawa imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 700 basi. Pamwamba pake pamatentha cha m'ma 2,500 digiri seshasi, pamene padzuwa ndi 5,500. Chinthu chotentha mwa mlingo umenewu chimatulutsa mphamvu yake yambiri m'kuwala kwa infrared kumene maso athu sakuona, ndiye m'kuwala kooneka zimatsika kwambiri, kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo 10,000 a dzuwa. Mtundu wake, munthu atayandikira, ungaoneke wopita ku lalanje, osati kufiira kwa magazi.

Pali chinanso chimene chimazisiyanitsa ndi dzuwa, ndipo ndi chofunika pa zonse zimene zikubwera m'munsimu. M'kati mwa dzuwa muli chigawo chachikulu chodekha kumene mphamvu imadutsa ngati kuwala, ndipo mpweya umabwadamuka m'chigawo chakunja chokha. Nyenyezi yolemera pansi pa gawo limodzi mwa atatu a dzuwa imabwadamuka yonse, kuyambira pakati mpaka pamwamba, ngati mphika wa phala umene za pansi zimakwera, za pamwamba n'kutsika. Zotsatira zake n'zakuti hiliyamu saunjikana pakati, ndipo haidirojeni watsopano amabwera nthawi zonse. Dzuwa lidzagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka haidirojeni wake m'zaka 10 biliyoni, kenako n'kuyamba kufa. Nyenyezi ngati UV Ceti imawotcha pafupifupi yense, ndiponso mosafulumira, moti masamu amasonyeza kuti idzayaka zaka mathiliyoni. Chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Palibe nyenyezi ya mtundu umenewu imene yakalambapo, ndiye zonse zimene zimanenedwa za ukalamba wake n'zowerengera papepala, palibe amene anazionapo.

Ubwino wokhala awiri

Nyenyezi zofiira zapafupi zilipo zambiri. Chimene chimapatsa Gliese 65 mtengo wapadera n'chakuti ndi ziwiri. Nyenyezi yokhala yokha kawirikawiri palibe njira yachindunji yoiyezera kulemera. Mumangoyerekeza kuchokera pa kuwala ndi mtundu wake, pogwiritsa ntchito malamulo amene nawonso amafunika kutsimikizidwa. Koma ziwiri zikamazungulirana, zimadziyeza zokha.

BL Ceti ndi UV Ceti zimamaliza ulendo umodzi pa zaka 26 ndi theka. Njira yake ndi yowulungika motalika. Zikayandikana kwambiri zimakhala pamtunda woposa pang'ono kawiri mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa, zikatalikirana zimafika pafupifupi ka 9, kumene kuli ngati kuchoka padzuwa kukafika kufupi ndi Saturn. Pa avereji ndi ka 5.5. Lamulo la Kepler, monga analikonzera Newton, limati mukatenga mtunda wa avereji n'kuuchulukitsa ndi iwo wokha katatu, kenako n'kugawa ndi zaka za ulendo zochulukitsidwa ndi izo zokha, mumapeza kulemera kwa zonse ziwiri m'miyeso ya dzuwa. Yesani: 5.5 kuchulukitsa katatu ndi 166, ndipo 26.5 kuchulukitsa ndi 26.5 ndi 702. Kugawa kumapereka 0.24. Kuti mudziwe gawo la iliyonse, mumaona kuti ndi iti imene imasuntha kwambiri mozungulira pakati pawo, ndipo pano zimasuntha pafupifupi mofanana. Masamu amene mwana wa sekondale angawathe, kungoti manambala olowetsamowo anatenga moyo wa anthu angapo kuti apezeke. Kuchokera 1948 ziwirizi zazungulirana pafupifupi katatu kokha.

Kukula kwa thupi kunayezedwa mochedwa, chifukwa pamtunda wotere nyenyezi yaing'ono chonchi ndi kadontho ngakhale pa telesikopu yaikulu. Ku Cerro Paranal, m'chipululu cha Atacama ku Chile, bungwe la European Southern Observatory lili ndi njira yophatikiza kuwala kochokera ku matelesikopu anayi otalikirana kuti agwire ntchito ngati diso limodzi lalikulu. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Pierre Kervella linatulutsa zotsatira za muyeso wa nyenyezi zonse ziwiri, ndipo linapeza kuti ndi zonenepa kuposa mmene malamulo a kapangidwe ka nyenyezi amanenera, ndi magawo opitirira 10 pa 100. Kusiyana kotere kwaonekanso pa nyenyezi zina zing'onozing'ono, ndipo amene amaganiziridwa kwambiri ndi maginito. Mphamvu ya maginito ikakhala yaikulu imatchinga kubwadamuka kwa mpweya, kutentha kumavutika kutuluka, ndipo nyenyezi imafufuma pang'ono.

Wina angafunse kuti magawo 10 pa 100 ali ndi ntchito yanji. Mapulaneti ambiri a nyenyezi zina timawadziwa pongoona kuchuluka kwa kuwala kumene amatchinga akamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yawo. Kukula kwa pulaneti kumawerengedwa kuchokera pa kukula kwa nyenyezi. Mukalakwitsa nyenyezi ndi magawo 10, mwalakwitsanso pulaneti ndi magawo 10, ndipo pa mkati mwake mwalakwitsa ndi magawo oposa 30. Apa n'pokwanira kuti dziko la miyala lioneke ngati la madzi, kapena la madzi ngati la miyala.

Kuphulika kwa kuwala

Chaka chomwecho cha 1948 chisanathe, nyenyezi yaing'onoyo inali itaonetsa kale khalidwe lake. Alfred Joy ndi Milton Humason ku Mount Wilson ku California anaiona itawala mwadzidzidzi pamene ankaunika kuwala kwake. Kumapeto kwa chakacho Edwin Carpenter ku Steward Observatory ku Arizona anaijambula kangapo motsatizana, ndipo pa chithunzi chimodzi inali yowala koposa ka 10 kuposa pa chinzake cha mphindi zochepa m'mbuyo. Mu 1952 inawala ka 75 m'masekondi 20 okha. Nyenyezi zochita zotere zinali zitaonekapo kale m'zaka za m'ma 1920, koma iyi inali pafupi ndipo inkabwereza kawirikawiri, choncho gulu lonse la nyenyezi zophulika kuwala linatenga dzina lake. Mpaka lero zimatchedwa za mtundu wa UV Ceti, ndipo Proxima Centauri ndi Wolf 359 zili m'gulumo.

Nyenyeziyo siiphulika yonse ayi. Mpweya wa m'kati mwake ndi wotentha moti umanyamula magetsi, ndipo mpweya wotere ukamabwadamuka m'thupi lozungulira umapanga maginito. Mapasawa amazungulira mofulumira modabwitsa: BL Ceti imatembenuka kamodzi pa maola 5.8, UV Ceti pa maola 5.4, pamene dzuwa limatenga masiku 25 kapena kuposa. Mizere ya maginito imatuluka pamwamba pa nyenyezi, mpweya wa pansi n'kumaipota ndi kuikoka, mpaka imaduka n'kulumikizana mwatsopano. Mphamvu yonse imene inasungidwa m'kupotanako imatuluka nthawi imodzi, kutenthetsa mpweya mpaka madigiri mamiliyoni. Kuwala kumakwera m'masekondi, kenako kumatsika pang'onopang'ono kwa mphindi kapena maola.

Dzuwa limachitanso zomwezi. Pa 1 Seputembala 1859 Richard Carrington ku England anaona kuphulika kotere padzuwa, ndipo tsiku lotsatira mawaya a telegalafu anasokonekera ku Ulaya ndi ku America. Mu Malichi 1989 chimphepo cha maginito chochokera kudzuwa chinazimitsa magetsi m'chigawo cha Quebec ku Canada kwa maola asanu ndi anayi. Koma padzuwa kuphulika kwakukulu kumangowonjezera kachidutswa kosaoneka pa kuwala konse. Pa UV Ceti kumaonekera chifukwa cha zinthu ziwiri. Maginito ake ndi amphamvu kwambiri: pamwamba pake ponse pamafika magausi 5,000 ndi kuposa (gausi ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), pamene madontho akuda a padzuwa, amene ndi malo amaginito kwambiri, amakhala ndi 2,000 mpaka 3,000, ndipo dziko lapansi lili ndi theka la gausi imodzi. Chachiwiri, kuphulikako n'koyera mopita ku buluu, pamene nyenyezi yokhayo kuwala kwa buluu ili nako kochepa zedi, ndiye poyerekeza kumaoneka kwakukulu.

Popeza ili pafupi, UV Ceti yakhala yoyesera zida zatsopano. Bernard Lovell anaitchera ndi mbale yaikulu yolandira mafunde a wailesi ya ku Jodrell Bank ku England ndipo mu 1963 analengeza mafunde a wailesi ochokera ku kuphulika kwake. Mu 1975 setilaiti ya ANS ya dziko la Netherlands inagwira kuwala kwa X-ray kochokera kumeneko.

Mapasa osiyana mtima

Apa ndi pamene nkhaniyi imakomera. Nyenyezi ziwirizi zinabadwa pamodzi, mumtambo umodzi wa mpweya, choncho zili ndi zaka zofanana ndi zopangira zofanana. Kulemera kumasiyana ndi magawo ochepa pa 100, kukula chimodzimodzi, liwiro lozungulira limasiyana ndi mphindi zosakwana 30. Malinga ndi zimene zimaphunzitsidwa, khalidwe la nyenyezi limachokera pa zinthu zimenezi. Ziwirizi zimayenera kukhala zofanana pa chilichonse. Wasayansi aliyense amalakalaka mwayi wotere, pamene chilengedwe chapanga chinthu chimodzi kawiri kuti aone ngati chituluke mofanana.

Sichinatuluke mofanana. Mu 2017 Oleg Kochukhov ndi Alexis Lavail a ku Uppsala University ku Sweden anajambula mapu a maginito a zonse ziwiri. UV Ceti ili ndi maginito a dongosolo losavuta, mutu umodzi kumpoto, wina kumwera, ngati a dziko lapansi koma amphamvu ka masauzande. BL Ceti ili ndi maginito ongosokonekera, timagawo tambirimbiri toloza uku ndi uku, ndipo tikawaona onse pamodzi amafafanizana. Pa mafunde a wailesi UV Ceti imawala kwambiri kuposa inzake. Telesikopu ya ASKAP ku Australia, kenako MeerKAT ya mbale 64 imene ili m'dera la Karoo ku South Africa, zinapeza kuti mafunde ena amabwera mobwerezabwereza motsatira kuzungulira kwake kwa maola asanu ndi theka. Mafunde oterewa amafanana ndi amene amachokera ku Jupiter, kumene maginito amakokera tizidutswa tamagetsi kumitu ya pulaneti n'kuyatsa kuwala kwa mlengalenga kumene kuno kumaoneka kufupi ndi nsonga za dziko. Ndiye UV Ceti imachita zina ngati dzuwa, zina ngati pulaneti yaikulu.

Maganizo alipo awiri. Ena amati m'nyenyezi yobwadamuka yonse, makina opanga maginito ali ndi njira ziwiri zokhazikika, ndipo kanthu kakang'ono pachiyambi kamasankha kuti nyenyezi igwere mbali iti n'kukhala komweko. Ena amati iliyonse imasinthasintha pakati pa maonekedwe awiriwa, monga dzuwa limasinthira pa zaka 11, ndipo ife tangozipeza zili pa nyengo zosiyana. Lachiwirili lili ndi ubwino woti lingathe kuyesedwa. Kungobwerera pa zaka zingapo zilizonse n'kujambulanso mapu. Ngati tsiku lina BL Ceti idzapezeke ndi maginito adongosolo ndipo UV Ceti ndi osokonekera, nkhani yatha. Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi lolemera kuposa la pulaneti limene limatenga mitu ya nkhani, chifukwa yankho lake likukhudza nyenyezi zambiri za mu Mlalang'amba, ndiponso malo amene mapulaneti awo akukhalamo.

Nanga pulaneti?

Mu 2024 gulu logwiritsa ntchito chida chotchedwa GRAVITY, ku Paranal komwe kuja, linalengeza kuti mwina pali pulaneti. Kuyambira 2016 mpaka 2023 ankayeza mtunda wa pakati pa nyenyezi ziwirizi mosamala kwambiri, moti akanatha kuzindikira kusuntha kwa makilomita 20,000 ndi kupitirira pang'ono pamtunda wa makilomita 83 thiliyoni. Atachotsa ulendo waukulu wa zaka 26 uja, panatsala kagwedegwede kobwereza pa masiku 156 alionse. Kufotokoza kosavuta n'kwakuti pali chinthu cholemera pafupifupi ka 36 kuposa dziko lapansi, kawiri kulemera kwa Neptune, chimene chikukoka imodzi mwa nyenyezizo uku ndi uku. Kuti ndi iti sizikudziwika, ndipo chifukwa chake n'chomveka: chidacho chimayeza mpata wa pakati pa ziwirizi, ndipo mpatawo umasintha mofanana kaya ikugwedezeka ndi A kapena B. Akatswiriwo amaitchula kuti yongoganiziridwa, yodikira umboni wina.

Ikatsimikizika idzavutitsa maganizo a mmene mapulaneti amabadwira. Nyenyezi yaing'ono imabadwa ndi chimbale chaching'ono cha fumbi ndi mpweya, ndipo inzake ikamayandikira mpaka kawiri mtunda wa dziko ndi dzuwa imadula m'mphepete mwa chimbalecho. Kuti m'zotsala zochepa chonchi mutuluke pulaneti yolemera ka 36 n'zovuta kufotokoza. Pulanetiyo ingakhale pamtunda wa makilomita pafupifupi 42 miliyoni kuchokera ku nyenyezi yake, kufupi kuposa mmene Mercury alili kudzuwa, komabe ingalandire kutentha kochepa kuposa kumene Jupiter amalandira. Si malo a zamoyo.

Kuti dziko lilandire kutentha konga kwathu pafupi ndi nyenyezi yotere, liyenera kukhala pamtunda wa makilomita 6 miliyoni okha, gawo limodzi mwa khumi a mtunda wa Mercury, ndipo chaka chake chingakhale cha masiku asanu ndi atatu. Pafupi chonchi mphamvu yokoka imamanga dziko kuti mbali imodzi iziyang'ana nyenyezi nthawi zonse, monga mwezi umationetsera nkhope imodzi, ndiye mbali ina ndi masana osatha, ina usiku wosatha. Vuto limeneli lingachepe ngati pali mpweya wokwanira wonyamula kutentha. Vuto lalikulu ndi kuphulika kuja. Dziko lathu lili makilomita 150 miliyoni kuchokera kudzuwa, ndipo kuphulika kumodzi kunazimitsa Quebec. Dziko lokhala pafupi ka 25 limalandira mphamvu ya kuphulika kofanana mowirikiza ka 625, ndipo pa nyenyezi ngati UV Ceti kuphulika si kwa apo ndi apo. Kuwala kwa ultraviolet ndi X-ray kumatenthetsa mpweya wa pamwamba pa dziko mpaka kuthawira kunja, ndipo pa zaka mamiliyoni mazana dziko lingatsale mwala wopanda kanthu.

Dziko lozungulira pafupi chonchi silinapezeke pa Gliese 65, koma lapezeka pa nyenyezi zofanana nazo. Proxima Centauri ili ndi pulaneti imene inalengezedwa mu 2016, yozungulira pa masiku 11. TRAPPIST-1, pamtunda wa zaka 40 za kuwala, ili ndi mapulaneti asanu ndi awiri a miyala. Telesikopu ya James Webb itayeza kutentha kwa pulaneti yapafupi kwambiri ndi nyenyeziyo, zotsatira za 2023 zinasonyeza kuti mwina ilibe mpweya wochuluka. Mapulaneti akutalirapo a m'banjalo, amene ali pamalo oti madzi angakhale amadzimadzi, akuyezedwabe. Kuti akatswiri awerengere mpweya umene dziko lililonse lotere lataya, amafunika kudziwa kuti nyenyezi yake imaphulika kangati, ndi mphamvu yanji, ndiponso maginito ake amatulutsa mphepo yolowera mbali iti. Pa funso lotsirizali BL Ceti ndi UV Ceti zasonyeza kuti kudziwa kulemera, zaka ndi liwiro la nyenyezi sikokwanira, ndipo iliyonse iyenera kuyezedwa payokha.